Mwendo wa Marita ndi Makalata Anga

1

Dzina langa ndine Yesaya. Amene munagwirako ntchito m'maesiteti a tiyi ku Thyolo zaka zapitazi mwina mukundikumbukira: dilesa wamtali uja, wanjinga yonyezimira, wolemba mokongola kuposa kalaliki wa ku boma. Luso lolembalo musalisirire, mumve kaye kumene linandifikitsa.

Masiku amenewo anthu osamalira ovulala kwathu kuno tinali m'mabungwe awiri. Loyamba linali la ife madilesa a m'maesiteti. Munthu akadzitema ndi chikwanje podulira tiyi, dzanja likalowa m'makina a ku fakitale, kapena njoka ikam'peza m'mizere, ankayamba wafika kwa ife. Tinkatsuka bala, kuthira ayodini, kusoka ngati n'kotheka, kumanga bandeji, kenako n'kumuuza mwachifundo kuti Lolemba abwerere ku ntchito. Wapampando wathu anali a Malizani, apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga Marita. Ine ndinali mlembi.

Bungwe lachiwiri linali la othandiza dokotala ku chipatala cha mishoni, mamailosi makumi awiri kuchokera pa esiteti yathu. Amenewa ndiwo ankalowa ku fiyeta, kugonetsa munthu, kutumbula ndi kulumikiza mafupa. Dokotala wachizungu anali mmodzi yekha, ndipo akachokapo mpeni unkatsala m'manja mwa wapampando wawo, a Stafford. Iwo ankatitcha ife omanga nsanza. Ife tinkawatcha abutchala. Tonsefe tinali Akhristu okondana kwambiri.

A Malizani ndi a Stafford anapita limodzi ku nkhondo ya ku Bama, onse onyamula ovulala m'gulu la asilikali a Keyala, ndipo anabwerako osalankhulana. Ena ankati anatsutsana za msilikali wina, uyu akuti mkono udulidwe, uyu akuti umangidwe. Ena ankati anakanganirana bulangeti. Ine, poti ndinkawadziwa onse awiri, ndinkakhulupirira za bulangetizo.

Zaka khumi ndi chimodzi zinatha opanda moni. A Malizani sankatumiza munthu ku mishoni pokhapokha bwana wa esiteti atalamula. Nawonso a Stafford akalandira wovulala wochokera kwathu, ankayang'ana bandejiyo n'kufunsa kuti, "Wamanga apa ndi munthu kapena mbuzi?"

Maganizo a ovulalawo sitinkafunsa.

2

M'mwezi wa Juni 1956, bambo wina wa ku fakitale, dzina lake Jonas, anakokedwa mkono ndi makina opota tiyi. Tinam'sunga ku disipensale kuyambira m'mawa mpaka masana, tikusintha mabandeji. Pamene bwana analamula kuti apite ku mishoni, magazi anali atatha. Anamwalirira m'lole.

Ine ndi amene ndinkapita ku mishoni masabata awiri aliwonse kukatenga mankhwala a disipensale. Ntchito imeneyi ndinaipempha ndekha, ndipo anzanga ankanditamanda kuti sindiopa mitunda. Loweruka lotsatira maliro a Jonas, a Stafford anandiitana m'kaofesi kawo.

"Yesaya, kalata iyi ukapereke m'manja mwa a Malizani. Ndatopa n'kulandira mitembo. Ulemu wanga ndauika pansi."

"Ndikapereka, bambo."

Ndinaitsegula ndi nthunzi ya ketulo. Inali kalata yabwino, yochititsa mantha ndi ubwino wake. "M'bale wanga Malizani," inatero, "imfa ya Jonas yandisowetsa mtendere. Tiyeni mabungwe athu awiriwa akhale limodzi. Lamulo likhale limodzi: wovulala kwambiri afike kuno pasanathe maola atatu. Ife tiphunzitse madilesa anu kuletsa magazi, inu mutiphunzitse za njoka, poti mumazidziwa kutiposa. Mpando mukhale ndinu ngati mufuna. Tikumane maso ndi maso." Pansi pake panali mzere wina womaliza. Umenewo ndikuuzani bwinobwino. Panopa ingodziwani kuti nditauwerenga ndinatuluka thukuta pakati pa chiperoni.

Ndinatenga pepala lina, n'kutsanzira kalembedwe ka a Stafford kopendekera kumanja. "Malizani, anyamata ako apha munthu. Bwerani mudzalowe pansi pa bungwe lathu, tikuphunzitseni kusamba m'manja."

Apongozi anga anaiwerenga kawiri atakhala pakhonde la disipensale.

"Akamwini, munthuyu akadandilembera ngati munthu, ndikadavomera. Za Jonas zikundidya nanenso."

"Ndi mmene alili, bambo. Mukadaona mmene amaseka polemba."

Yankho lawo linali lamutu wabwino ndithu: anadandaula za mawuwo, koma anati ganizo la bungwe limodzi silinali loipa. Ine ndinalikonza panjira. Litafika ku mishoni linkati abutchala adziwe za nyama, za anthu asiyire ena.

Makalata asanu ndi atatu anapita, asanu ndi atatu anabwera. Onse anadutsa pa ketulo yanga. Amuna awiri okalamba ankatambasulirana manja, ine pakati ndikusandutsa dzanja lililonse kukhala chibakera.

Pa msonkhano wa madilesa wa Novembala, mnzathu Douglas, bambo wofatsa wa pa esiteti yoyandikana ndi yathu, anaimirira.

"Akuluakulu, makalatawa atikwana. Tikwere lole tonse tikakambirane nawo pamaso. Mwina pakamwa sangatukwane chonchi."

Anthu anayamba kugwedeza mitu movomera. Ndinaimirira msanga. Ndinalankhula za ulemu wa dilesa, za thukuta lathu, za ana athu amene adzatiseke tikakagwada kwa abutchala. Misozi inalengeza. Anandiombera m'manja nthawi yaitali, ndipo ganizo la Douglas linagwa. Sindinalankhulepo bwino chonchija moyo wanga wonse, ngakhale pofunsira mbeta.

Kunyumba Marita anali ndi mafunso akeake.

"Kodi mankhwala a ku mishoniwa amalemera bwanji, kuti mupite Loweruka mubwere Lolemba?"

"Mzere umatalika, mayi."

"Ndipo pamzerepo amasitanso malaya? Anapita okwinyika awa."

"Amishoni amakonda ukhondo."

Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusenda chinangwa. Marita sanali mkazi wopusa. Anali mkazi wondikhulupirira, ndipo ine ndinkaganiza kuti ziwirizi n'zofanana.

3

Linali Lachiwiri, m'mwezi wa Febuluwale 1957, mvula itagwa masiku anayi osakata. Marita anapita ku msika wa Luchenza kukagulitsa nthochi, ndipo pobwera anakwera lole ya esiteti pamodzi ndi amayi ena. Pa mlatho wina wamatabwa, loleyo inaterereka n'kugwera cham'mbali. Ovulala anali khumi ndi mmodzi. Ambiri anali ndi zilonda zoti ayodini wathu akanatha. Marita yekha thupi la lole linam'phwanya mwendo wamanzere pansi pa bondo, fupa lili panja.

Anafika naye ku disipensale cha m'ma 2 koloko masana. A Malizani anayamba ntchito nthawi yomweyo. Anatsuka, anawongola, anaika matabwa awiri n'kumanga. Douglas, amene anathamangira kudzatithandiza, anawakokera pambali.

"Bambo, ili si bala lathu. Mtsempha waphwanyika umu. Apite ku fiyeta lero lomwe."

A Malizani anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kalata yomaliza yochokera ku mishoni. Anaiwerenga mokweza: "Tsiku lina udzabwera pano utanyamula wako weniweni, ndipo udzayamba wagwada ndisanam'khudze."

Mawu amenewo ndinawalemba ndine, ndipo tsiku limene ndinkawalembalo ndinadzitama kuti andituluka bwino.

"Mwamva?" anatero apongozi anga. "Ndikagwade, mwana wanga ali pamachila, iye akuseka?" Kenako anatembenukira kwa ine. Maso awo ankandipempha kuti ndiwakakamize. "Akamwini, mkazi ndi wanu. Mukuti bwanji? Mukati tipite, ndikagwada."

Ndinagwira phazi la Marita. Linali lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndinatsina chala chachikulu, chikhadabo chinayera osabwerera. Zaka khumi ndi ziwiri za udilesa zinandiuza chimene ndinkaona.

"Tione mawa, bambo," ndinatero. "Mwina ndi kutupa chabe."

Lachitatu zala zinada. Douglas anabweranso, anachonderera, ine ndinati tam'baya penisilini, tim'patse mpata agwire ntchito. Marita ankatentha thupi, koma mutu unali bwino.

"A Yesaya, mwendowu sindikuumva."

"Ndi mankhwala, mayi. Akuchotsa ululu."

Lachinayi m'mawa fungo linatiyankhira tonse. Douglas sanafunsenso munthu. Anapita yekha ku ofesi ya bwana n'kubwera ndi lole. A Malizani anavala jekete lawo la ku nkhondo, ananyamula makalata onse asanu ndi atatu, n'kukwera kumbuyo pambali pa mwana wawo. Ine ndinayesa kunena kuti wina atsale ayang'anire disipensale.

"Kwerani," anatero Douglas.

Mamailosi makumi awiri aja sanafupikepo chonchija.

4

Pakhomo la chipatala anatilandira namwino wamng'ono thupi, wachangu, dzina lake Joan, mwana wa mlongo wawo wa a Stafford. Atandiona anayamba kumwetulira, koma ataona machila anatenga khadi ndi pensulo.

"Dzina lanu, mayi?"

"Marita."

"Okwatiwa?"

"Eya. Amuna anga ndi awa agwira machilawa. A Yesaya."

Pensulo inaima. Joan sanandiyang'ane. Anayang'ana Marita kuyambira kumutu mpaka ku bandeji, ngati munthu wowerenga chikwangwani cha chinenero chachilendo.

Nthawi yomweyo a Stafford anatulukira m'khonde akupukuta m'manja. Ataona a Malizani anaima. Apongozi anga anayamba kupinda bondo, koma a Stafford anawagwira m'mapewa.

"Mukutani, Malizani? Dzukani. Zikomo kuti mwabwera. Ndipo poti m'makalata simunandiyankhepo, ndinene pakamwa: pepani maliro a mwana wanu. Ndinamva mochedwa, koma anandikhudza."

"Maliro ati?"

"A mwana wanu Marita, mkazi wa Yesaya. Amene anatisiya chaka cha njala."

A Malizani analoza machila. "Marita ndi uyu."

 Marita anatembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka maso ake anandipeza.

A Stafford anavundukula bandeji, ananunkhiza, anagwira pabondo.

"Zinazo tikamba," anatero. "Joan, konza ku fiyeta."

"Chabwino, atsibweni," anayankha Joan, ndipo anapita osathamanga.

5

Tsopano ndikuuzeni za mzere womaliza uja.

Ndinakumana ndi Joan mu 1953, ulendo wanga wachiwiri wokatenga mankhwala. Anandifunsa ngati ndili pabanja. Ndikadati ayi, likadakhala bodza wamba, la mwamuna aliyense wa panjinga. Koma ine ndinali waluso. Ndinati ndinakwatira mwana wa a Malizani, koma anamwalira chaka cha njala, mu 1949, ndipo ndimakhalabe pa apongozi chifukwa chowamvera chisoni. Ndinalira. Joan anandipatsa kansalu kake kopukutira misozi.

A Stafford, monga atsibweni ake, anafuna ankhoswe. Ndinabwereka telala wina wa ku Bvumbwe, n'kumuveka jekete langa, ndipo anagwira ntchito ya umalume mwaulemu kuposa amalume anga enieni. Ukwati wa ku tchalitchi ndinati udikire mpaka chisoni cha apongozi chitazizira. Ndinawachenjezanso kuti dzina la malemuyo lisamatchulidwe kwa aliyense wochokera ku esiteti kwathu, chifukwa bala linali likadali laliwisi. A Malizani anali ndi ana aakazi anayi, choncho wina akanena za mwana wa a Malizani, palibe ankadabwa. Mu 1955 kunabadwa mwana wathu Hazel.

Mpanda wa nyumba zanga ziwirizi unali umodzi: udani wa madilesa ndi abutchala. Ndiye a Stafford n'kudzuka ndi nzeru zoti mabungwe akhale limodzi, pakhale kaundula mmodzi wa mamembala ndi mabanja awo, pakhale phwando, akazi athu adzaphikire limodzi. Ndipo pansi pa kalata iliyonse ankalemba kuti: "Ndikupepesanso maliro a mwana wanu Marita. Mkamwini wanu tikum'sunga bwino kuno."

Ndinapha mkazi wanga ndi pakamwa kuti ndipeze wina. Pamene anafuna kufa zenizeni, ndinaona kuti kum'pulumutsa kundiwonongera bodza, ndipo ndinati tione mawa.

6

Dokotala wachizungu anali atapita ku Blantyre. Opaleshoni anaichita a Stafford, Joan akuwapatsira zida ndi kuyang'anira kupuma kwa mkazi mnzake amene anam'dziwa m'mawa womwewo. Inatenga maola awiri. Ine ndi apongozi anga tinakhala pa benchi imodzi, pakati pathu pali malo a anthu atatu.

A Stafford atatuluka anakhala pamalo pamenepo.

"Moyo tausunga. Mwendo tadula pamwamba pa bondo. Mukadabwera Lachiwiri, akadayenda ndi miyendo yake iwiri. N'chifukwa chiyani munachedwa, Malizani? Inu mumadziwa ntchito."

Apongozi anga anapisa m'thumba la jekete. Anatulutsa makalata aja n'kuwaika pamwendo pa a Stafford. Iwo anawerenga yoyamba, yachiwiri, kenako anapita ku ofesi n'kubwera ndi buku lawo la kaboni, mmene munkatsala chithunzi cha kalata iliyonse imene analemba, pamodzi ndi mayankho amene ndinkawabweretsera. Amuna awiriwo anayala mapepala pa benchi, uku zenizeni, uku zanga. Ankawerengerana motsitsa mawu. Pena a Malizani ankati, "Izi sindinanene ine." Pena a Stafford ankati, "Koma chilembo cha g ichi chafanana ndi changa."

Atafika pa kalata yogwada ija, a Malizani anavula magalasi. Ndinadikira kuti andimenye. Ndikadakonda akadandimenya.

"Ndinakufunsani, akamwini," anatero. "Ndinati mukati tipite, ndikagwada."

Marita ndinaloledwa kumuona patatha masiku atatu. Ndinagwada pambali pa bedi. Bulangeti linali lophwa mbali imodzi.

"Ndamva kuti ndinamwalira chaka cha njala," anatero. "Maliro anga anayenda bwino? Kunabwera anthu?"

"Mayi, ndikhululukireni. Satana…"

"Satana musiyeni, sadziwa kulemba. Zoti muli ndi mkazi wina, mwina ndikadalira mwezi umodzi n'kuzolowera. Ndinayamba kale kukayikira malaya aja. Koma Lachiwiri lija munagwira phazi langa. Ndinakuonani nkhope. Munadziwa."

Ndinakhalabe chogwada. Ine, amene ndinaliritsa msonkhano wonse wa madilesa.

Joan analowa ndi beseni la madzi ofunda. Anaima kumbuyo kwanga.

"Nthawi yoona odwala yatha, bambo," anatero. "Katundu wanu ali kwa alonda ku geti. Hazel ndamuuza kuti abambo ake anamwalira. Chaka sindinasankhe, mwina mungandithandize, poti inu mumazidziwa."

Anandidutsa, n'kuyamba kum'pukuta Marita kumaso.

Mabungwe awiri aja anakhala limodzi pa 30 Malichi 1957, m'kalasi ya sukulu ina ku Luchenza. Zimene zinakanika zaka khumi ndi chimodzi zinatheka masana amodzi. A Malizani anakhala wapampando, a Stafford wachiwiri wawo, Douglas mlembi. Lamulo la maola atatu linavomerezedwa. Koma limenelo linali lachiwiri. Mfundo yoyamba ya bungwe latsopanolo inali yochotsa Yesaya m'kaundula ndi kulembera maesiteti onse kuti asadzam'patsenso bandeji m'manja. Manja onse anakwera, a madilesa ndi a abutchala omwe. Akuti sipanaonekepo umodzi wotero m'boma lonse la Thyolo. Choncho ndinganene mosadzitama kuti amene anagwirizanitsa mabungwewa ndine.

Kwa apongozi ndinachoka monga achokera mkamwini aliyense wopirikitsidwa: mphasa, njinga ndi chikwanje.

7

Papita zaka zisanu. Ndimagulitsa kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu ku Bvumbwe. Marita ali ndi makina osokera a pamanja pakhonde la sitolo ina ku Luchenza, ndipo amayenda ndi ndodo ziwiri zimene a Stafford anam'konzetsera. Akuti madilesi a Hazel amasokedwa pamenepo, ndipo Joan akabwera kudzawatenga, awiriwo amamwa tiyi n'kumaseka. Chimene amaseka sindinafunse.

Bungwe lija likuyenda bwino. Mwezi wathawu bambo wina anaima kudzagula tomato, mkono uli ndi chipsera kuyambira pachigongono mpaka padzanja. Anati makina anam'gwira cha m'ma 9 koloko, dilesa anamanga mtsempha mmene anawaphunzitsira, ndipo 11 koloko isanakwane anali ali ku fiyeta. Anandionetsa zala zonse zisanu zikuyenda. Ndinam'wonjezera tomato awiri.

Inu owerenga, ndikudziwa kuti ambiri mwatolapo phunziro loti mitala yobisa ndi yoipa. Tolani, si lolakwika. Amuna ena mwatolapo loti bodza lisamakhale ndi maliro m'kati, ndipo inu ndikukusiyani ndi Mulungu wanu. Koma chimene chimandidzutsa ine si Joan, si telala uja, si makalata. Ndi phazi lozizira m'dzanja langa, ndi munthu wokalamba akundipempha kuti ndinene mawu amodzi okha. Aliyense wa inu ali ndi chinthu chimene akubisa, ndipo tsiku lina chidzafuna kuti munthu wina alipire ndi thupi lake kuti chibisikebe. Tsikulo likadzafika, mudzayankhe msanga. Ine ndinapempha masiku awiri okha, ndipo Marita akuwayenderabe ndi ndodo.